Bureka Siigwa, Imadula

Amalume anga ali ndi chigayo cha magetsi pamsika wina waung'ono m'boma la Ntcheu, ndipo ndalama zimene zimandisunga pasukulu pano zimatuluka m'chigayo chimenecho. Ndayamba ndi kuulula zimenezi kuti aphunzitsi ndi ophunzira anzanga asadabwe poona mwana wa maphunziro a zilankhulo akulowerera nkhani ya amisiri a zamagetsi. Pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka changa chachiwiri mota ya chigayocho inapsa ine ndili pomwepo, ndipo panangotsala pang'ono kuti ndisabwerere ku koleji. Chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za kabokosi kakuda kamene kanali pakhoma la chigayocho, komanso za mneni mmodzi amene tonsefe tinkamugwiritsa ntchito pokamba za kabokosiko. Maganizo anga ndi akuti mneniyo anathandiza nawo kuotcha mota ija.

Kabokosiko m'mabuku a amisiri kamatchedwa circuit breaker, koma pachigayo aliyense ankangoti bureka. Unali mwezi wa Julaye, anthu atakolola, ndipo pofika 6 koloko m'mawa madengu ndi matumba ankakhala atandanda kale mpaka kumsewu. Chigayo chikalira ola limodzi kapena awiri, tinkangomva kuti "tha!" pakhoma paja, mota n'kuyamba kutsika mawu mpaka zii. Mnyamata woyendetsa chigayo ankafuula kuti, "Abwana, yagwa!" Amalume, osadzuka n'komwe pampando, ankayankha kuti, "Idzutse." Iye ankadikira pang'ono, n'kukankhira chogwirira chake m'mwamba, ntchito n'kupitirira. Zimenezi zinkachitika katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse amayi a pamzere ankayamba kung'ung'udza kuti kuli bwino akagayitse pa chigayo cha dizilo kutsidya kwa msewu.

Poyamba amalume anamanga chogwiriracho ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chisatsike. Magetsi anadukabe, chogwirira chili chomangidwa m'mwamba momwemo. "Yakalamba iyi," anatero amalume, "mwinanso anandigulitsa yachinyengo." Anaitana bambo wina wa pamsikapo amene amakonza mawailesi ndi masimbi, ndipo iye anatsegula bokosi n'kulumikiza mawaya onse atatu modumpha burekayo. Kwa masabata awiri chigayo chinagaya osapuma. Sindinganame, nanenso ndinakondwera, poti ndine ndinkawerenga ndalama madzulo ndipo ndinkadziwa kumene zina mwa izo zikupita.

Tsiku la tsokalo kulira kwa mota kunasintha, inayamba kumveka ngati ikubuula, kenaka m'chigayo monse munadzaza fungo la mphira wopsa. Tisanamvetse chimene chikuchitika utsi unatuluka m'motamo, chingwe chochokera pakhoma chinasungunuka, ndipo matumba opanda kanthu amene anali pafupi anagwira moto. Tinauzimitsa ndi mchenga. Magetsi anadzaduka okha mafyuzi a pafupi ndi mita atapsa. Palibe anavulala, koma chigayo chinatsekedwa masabata asanu pa nyengo imene chimapanga ndalama za chaka chonse, ndipo kuti mota ikakulungidwenso mawaya ku Blantyre amalume anagulitsa ng'ombe ziwiri.

Mmisiri wa chiphaso amene anabwera kudzakonza sanakalipe. Anayang'ana burekayo n'kufunsa amalume kuti, "Bambo, inkadula kangati pa tsiku musanaidumphe?" Khutu langa linagwira pomwepo: tonse tinkati yagwa, iye akuti inkadula. Ataiyesa anapeza kuti inalibe vuto lililonse. Vuto linali m'chigayo. Mabeyaring'i anali atatha, sefa inkatsekeka ndi mphale yosauma bwino, ndipo kachipangizo ka mu sitata kamene ntchito yake n'kuteteza motayo kanali katadumphidwa kalekale ndi mmisiri wina amene amalume sankamukumbukiranso. Mota inkakoka magetsi oposa muyeso wake pofuna kuzunguza chinthu cholemera, ndipo burekayo inali mlonda yekhayo amene anatsala. Ifeyo tinamuchotsa ntchito chifukwa chofuula kuti kunja kuli wakuba.

Ndinakhala ndi mmisiriyo masiku atatu ndikumupatsira zipangizo. Zimene anandifotokozera, pamodzi ndi zimene ndinawerenga nditabwerera kuno, ndikufuna ndizilembe m'Chichewa, chifukwa mbali ina ya mfundo yanga ndi yakuti zimenezi n'zotheka.

Magetsi ali ndi miyeso iwiri imene tiyenera kuisiyanitsa. Mavolti, osati mavoti a pa chisankho, amayeza mphamvu imene ikukankha magetsi. Kuno ku Malawi m'nyumba timalandira mavolti 230, pamene zigayo ndi mafakitale amalandira mavolti 400 kudzera m'mawaya atatu amoto. Maampu amayeza kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya. Maampuwa ndiwo amatenthetsa waya, ndipo kutenthako kumakwera mothamanga: maampu akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi; akachuluka katatu, kumachuluka ka 9. Mota ngati ya amalume, ya makilowati 22, imakoka maampu pafupifupi 40 ikamagwira ntchito yoyenera. Chingwe chake chimasankhidwa molingana ndi nambala imeneyi, ndipo bureka imasankhidwa molingana ndi chingwecho. Choncho nambala yolembedwa pabureka ndiyo malire a katundu amene chingwe chingasenze osapsa.

Bureka ya mtundu wofala ili ndi makutu awiri. Khutu loyamba ndi kachitsulo kopyapyala kopangidwa pomata zitsulo ziwiri zosiyana. Zonse ziwiri zimafutukuka zikatenthedwa, koma china chimafutukuka kwambiri kuposa chinzake, kotero kuti kachitsuloko kakatentha kamapindika. Magetsi akapitirira muyeso pang'ono kamapindika pang'onopang'ono, mwina kwa mphindi zambiri, mpaka kukhudza kambedza kamene kagwira sipuling'i. Sipuling'iyo ikamasuka, njira ya magetsi imalekanitsidwa. Khutu limeneli ndi loleza mtima dala, chifukwa mota ikalizidwa mwachindunji imakoka maampu ochuluka ka 6 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, ndipo bureka yothamangira kudula sikanalola chigayo kuyamba n'komwe. N'chifukwa chakenso mnyamata uja ankayenera kudikira asanakankhe chogwirira: kachitsulo kanali kasanazizire.

Khutu lachiwiri silidziwa kudikira. Ndi waya wokulungidwa amene amasanduka maginito magetsi akamadutsamo. Mawaya awiri akakhudzana posayenera, chimene tonse timati shoti, magetsi amapeza njira yachidule yopanda chowaletsa, ndipo maampu amalumpha kuchoka pa makumi kufika pa masauzande. Maginito aja amakoka kambedza nthawi yomweyo, ndipo bureka imadula diso lisanaphethire.

Koma kulekanitsa zitsulo ziwiri zimene zikudutsitsa maampu masauzande sikufanana ndi kutseka mpopi. Magetsi amakana kuduka. Amalumpha mpatawo kudzera mumpweya ngati kamphezi, ndipo kamphezi kameneka kamatha kutentha kuposa pamwamba pa dzuwa. Apa m'pamene pagona luso lenileni la bureka, ndipo m'pamene imasiyanirana ndi switchi wamba. Mkati mwake muli timbale tachitsulo toyalidwa mondondozana. Kamphezi kaja kamakankhidwira m'timbaleto, n'kuduka zidutswazidutswa, n'kuzizira. Chimene chimathandizanso n'chakuti magetsi athu amayenda chopita ndi chobwera maulendo 50 pa sekondi, kotero kuti ka 100 pa sekondi amafika pa ziro, ndipo bureka imapezerapo mwayi pa kamphindi kameneko kuti lawi lisayakenso. Ndiye chifukwa chake pabureka pamalembedwa nambala yachiwiri, monga 10kA kapena 36kA, yosonyeza kukula kwa shoti imene ingathe kuizimitsa iyo osaphulika.

Nanga za mphira wa njinga uja? Mmisiri anangoseka. Opanga mabureka amatidziwa anthufe. Kambedza kodula sikadalira chogwirira, kotero kuti ngakhale munthu atakanikiza chogwiriracho ndi manja onse awiri, mkati mumadukabe. Chimene amalume anachiona ngati umboni wa ukalamba chinali umboni wakuti burekayo ili moyo.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Thomas Edison anafotokoza chipangizo cha mtunduwu mu 1879, ngakhale kuti pa ntchito yake yogawa magetsi ankadalira mafyuzi, ndipo bureka yaing'ono yonga imene tili nayo m'nyumba inalembetsedwa ndi Hugo Stotz ku Germany mu 1924. Fyuzi ndi kawaya kofooka dala kamene kamasungunuka kuti zinazo zipulumuke. Ikapsa yapsa, pamafunika ina. Akuluakulu amakumbukira mmene anthu ankaikira msomali kapena waya wokhuthala m'malo mwa fyuzi yopsa. Bureka inabwera kuti munthu asakhalenso ndi chifukwa chochitira zimenezo, koma ife tangosamutsira khalidwe la msomali lija pa chipangizo chatsopano.

Imene ili pakhoma la chigayo ndi mdzukulu chabe. Mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena mapampu amene amakweza madzi kuchokera ku Walker's Ferry kupita ku Blantyre, sangayende popanda agogo ake. Mabureka a m'mafakitale aakulu amasenza maampu masauzande angapo, ndipo amakhala m'mabokosi aakulu ngati kabati. Pa mavolti 11,000 ndi 33,000, amene magetsi amagawidwira m'matauni ndi m'maboma, mabureka ambiri amakono amadulira magetsi m'botolo lopanda mpweya, mmene lawi limasowa pogwira. Pa mavolti okwera kwambiri, onga 400,000 a mzere wa pakati pa Phombeya ndi Nkhoma umene unamalizidwa mu 2018, amisiri padziko lonse amadalira kwambiri mpweya wotchedwa SF6, umene umazimitsa lawi bwino zedi ngakhale kuti ukathawira mlengalenga umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide ka 23,000 ndi kupitirira. Mabureka oterewa salingalira okha; amalamulidwa ndi zipangizo zina zotchedwa relay zimene zimayeza magetsi usana ndi usiku.

Onsewa, kuyambira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire mpaka pakhoma la amalume, amasanjidwa ngati mabwalo a milandu. Mlandu wa m'banja umathera kwa ankhoswe, wa m'mudzi kwa anyakwawa, ndipo kwa mfumu yaikulu kumangofika umene walephereka kunsi. Bureka imene ili pafupi ndi vuto ndiyo iyenera kudula poyamba, kuti ena onse apitirize kulandira magetsi. Munthu akadumpha yake, mlandu wake wautumiza kubwalo lapamwamba, ndipo chigamulo cha kumeneko chimabwera mochedwa, mota itapsa kale, mwinanso n'kuthimitsira magetsi anansi osalakwa.

Tsopano ndibwerere kwa mneni uja. Kugwa ndi mneni wosayambukira. Mwininkhani wake sachita kanthu, chimangomuchitikira: mwana wagwa, khoma lagwa, nkhokwe yagwa. Ndipo m'Chichewa chogwa chimafuna kudzutsidwa. Amene wadzutsa wogwa wachita chifundo. Choncho mnyamata akati "yagwa", yankho loti "idzutse" lili kale m'kamwa mwa womvayo, ndipo ikagwa kachinayi n'zomveka kunena kuti yafooka, yakalamba, ikufunika choichirikiza kapena kuichotsa kumene. Kudula ndi mneni woyambukira. Amafuna wochita, amafunanso pamtherankhani. Inde, munthu angathe kufunsa kuti yagweranji, koma yankho lake amalifuna mwa chogwacho. Akafunsa kuti yaduliranji, maso amachoka pakhoma n'kupita ku chigayo, kumene kunali vuto lathu masiku onse aja.

Amene tinaphunzira za Benjamin Lee Whorf timamukumbukira chifukwa cha chilankhulo cha anthu a mtundu wa Hopi, koma timaiwala ntchito imene inkamudyetsa. Iye anali katswiri wofufuza za ngozi za moto pa kampani ya inshulansi ya Hartford ku America. M'nkhani yake ina imene inasindikizidwa mu 1941 anafotokoza za antchito amene ankasamala kwambiri pafupi ndi migolo yodzaza petulo, koma ankasuta fodya mosatekeseka pafupi ndi migolo imene ankaitcha yopanda kanthu, chonsecho mgolo umene petulo wathamo umakhala wodzaza ndi mpweya wake umene suchedwa kuphulika. Aphunzitsi athu amatichenjeza kuti tisamutsatire Whorf mpaka kunena kuti chilankhulo chimamanga maganizo ndi unyolo, ndipo ndikuvomereza. Chimene ine ndikunena n'chaching'ono: pamene munthu alibe chidziwitso china chilichonse cha chinthu, dzina lake ndi mneni wake ndizo buku lokhalo limene ali nalo. Chingerezi nachonso sichinachite bwino apa, poti mneni wake trip, amene anyamata a m'tauni anamusandutsa "yatiripa", amatanthauzanso kupunthwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wodziwa Chingerezi ali ndi kabuku ka malangizo kamene kamabwera m'katoni. Mnyamata wa pachigayo, amene anasiyira sukulu mu Sitandade 6, ali ndi mneni yekhayo.

Mnzanga wina wa maphunziro a zachuma nditamuuza zimenezi anandiseka kuti ana a zilankhulo chilichonse timachiona ngati mneni. Vuto, iye anati, ndi umphawi: mmisiri wa chiphaso ali kutali ndipo safuna zochepa, mzere wa ogayitsa sudikira, ndipo amalume akanadumphabe burekayo ngakhale akanaitcha dzina lanji. Mfundoyi sindikuitaya. Ndionjezerenso ndekha kuti si nthawi zonse pamene bureka imalondola. Ilipo ina yosankhidwa molakwika, monga ya m'nyumba yoikidwa pa mota, imene imadula mota ikangolira. Ina imatenthedwa ndi waya wosamangidwa bwino pakamwa pake. Ndipo pamsika pamapezeka zachinyengo zimene nambala yake ndi utoto chabe. Koma m'zonsezi mankhwala ake ndi amodzi, kufufuza chifukwa, ndipo munthu safufuza chifukwa pa chinthu chimene akukhulupirira kuti changofooka. Kunena za umphawiwo, amalume sanapulumutse ndalama iliyonse. Mabeyaring'i ndi ulendo umodzi wa mmisiri zikanatha ndi mbuzi zingapo, koma iwo analipira ng'ombe ziwiri. Akanadziwa kuti "tha!" uja ndi mnansi wowatsina khutu akanawerengera okha, poti pa masamu a ndalama sindinaonepo wowaposa.

Kusadziwa kumeneku kuli ndi mbali inanso, ndipo ndiyo imandiopsa kwambiri. Anthu ambiri amene amaikhulupirira bureka amaganiza kuti imateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Bureka wamba imateteza chingwe ndi nyumba ku moto basi. Magetsi osafika n'komwe pa ampu imodzi akadutsa pachifuwa akhoza kuimitsa mtima, bureka ya maampu 50 osamva kuti kwachitika kanthu. Choteteza munthu ndi china, chimene amisiri amati earth leakage kapena RCD. Chimayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo chikaona kuti ena asochera, ngakhale mamiliampu 30 okha, chimadula. Ndi angati mwa ife, amene timagona m'zipinda mmene soketi imodzi imasenza ketulo, simbi ndi mbaula ya magetsi, amene tinamvapo zimenezi m'chilankhulo chilichonse?

Apa m'pamene ndikuona kuti ife a m'dipatimenti ya zilankhulo tili ndi ngongole. Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, Centre for Language Studies inatenga malo ake mu 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000. A zaumoyo ndi a zaulimi anatsogola kale: uthenga wa katemera, wa kulera ndi wa kathiridwe ka feteleza unafika m'midzi m'chilankhulo chathu. Magetsi nawo akufika m'misika ya kumidzi kudzera mu ndondomeko ya MAREP, ndipo akafika pamsika sipachedwa kubwera chigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa. Koma machenjezo onse amene ine ndawaona pa mabokosi a magetsi ali m'Chingerezi. Ophunzira a chaka chachinayi amene akusowa mitu ya kafukufuku atapita m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, n'kukamvetsera mawu amene amisiri akugwiritsa kale ntchito, akhoza kubwerako ndi kabuku kothandiza kuposa kusanthulanso miyambi imene anthu ambiri anaisanthula kale. Sindikugwirizana ndi anzanga amene amafuna tipeke dzina lalitali monga "chipangizo chodulira mphamvu ya magetsi pa nthawi ya ngozi". Palibe adzafuule zimenezo utsi ukutuluka. Dzina lakuti bureka lakhazikika kale, lili ndi mgwirizano wake ndi kuchulukitsa kwake monga wailesi ndi galimoto. Tilisiye. Ntchito ili pa aneni ndi ziganizo.

Chigayo chisanatsegulidwenso, mmisiri uja ndi ine tinalemba ziganizo zinayi pa katoni n'kuikhoma pafupi ndi bokosi. Bureka ikadula, zimitsani sitata, muone sefa, lamba ndi kutentha kwa mota musanaibwezere. Ikadula kachiwiri musaibwezerenso, itanani mmisiri. Ikadula nthawi yomweyo mutangoibwezera, pali shoti. Musanagwire makina dulani magetsi, khomani loko pabokosi, kiyi muike m'thumba mwanu.

Amalume anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono. Atamaliza anati, "Ikadula? Iwe mwana, yadula kale iyi, ng'ombe ziwiri!" Ndinali nditaiwaliratu kuti kudula kumanenanso za mtengo, ndipo kwa munthu wa malonda tanthauzo limenelo ndilo limayamba kufika. Katoniyo ikadali pakhoma, yayera ndi ufa. Pa tchuthi chathachi ndinamva mnyamata uja akufuulabe kuti "yagwa", koma ankanena akuyenda kupita kukatsegula sefa. Za kamphezi kaja sitinamvane mpaka lero: ine ndimati mphezi chifukwa cha mmene kamalumphira mumpweya, mmisiri akuti anyamata ake onse amangoti moto, ndipo akuti mawu amenewo ndiwo amawachititsa kubwerera m'mbuyo msanga.